ZA PAKHOMO PATHU: Bokosi la Agogo Lisatuluke M'banja

Mwezi uno tikambirane za chinthu chimene chili m'nyumba zambiri za kuno ku Nkaya, ku Utale, ku Balaka ndi kutsidya kwa Shire ku Machinga, koma chimene ambiri a ife tidaleka kuchiyang'ana. Tikunena bokosi lamatabwa lija limene limakhala kunsi kwa bedi kapena pangodya ya chipinda cha agogo, pamodzi ndi kabokosi kakang'ono ka m'kati mwake, mmene amayi akale ankasungamo mikanda, ndolo, zibangiri ndi mphete. Mabokosi ameneŵa akutha. Ena akudyedwa ndi chiswe, ena adasanduka zisa zoikiramo nkhuku, ndipo ena akugulitsidwa pa mtengo wosakwana ndi thumba limodzi la chimanga. Ife tikuti bokosi lotere lisatuluke m'banja mwachisawawa, pakuti likangotuluka palibe mmisiri amene angatikhomere lina lofanana nalo. Zifukwa zake ndi izi.

Mabokosi adafika bwanji kwathu kuno?

Makolo athu akalekale sadali ndi mabokosi okhoma. Zinthu zawo zamtengo wapatali ankazisunga m'nsupa, m'timitanga toluka, m'matumba achikopa ndi m'timiphika tovundikira. Kusema ankakudziŵa bwino ndithu, ndipo ndi nkhwangwa ndi sompho ankasema mitondo, mabwato, mipando ndi zipande. Koma luso locheka thabwa, kulipala ndi kulilumikiza ndi linzake lidabwera pambuyo pake. Bokosi ndi za m'kati mwake zidatifika kudzera njira zitatu.

Njira yoyamba idali ya kunyanja yamchere. M'zaka za m'ma 1800 amalonda a Chiyao ankanyamula minyanga ya njovu kupita nayo ku Kilwa ndi madoko ena, nabwerako ndi nsalu, waya wamkuwa ndi mikanda, imene yambiri inkapangidwa ku Ulaya. Kugombe kumeneko, makamaka ku Zanzibar, kudali mabokosi aakulu okongoletsedwa ndi misomali yamkuwa, mmene mkwatibwi ankalongedzamo katundu wake popita kubanja. Tisabise kuti njira yomweyo ndiyo idapititsanso abale athu ku ukapolo. Komabe mikanda yakale imene ili m'tibokosi ta agogo ena ku Machinga, ndi chipini chimene amayi a Chiyao ankavala pamphuno, zikutikumbutsa za nthaŵi imeneyo.

Njira yachiŵiri idali ya mishoni. Amishonale a ku Scotland atakhazikika ku Blantyre m'chaka cha 1876 ndi ku Domasi m'chaka cha 1884, adafuna zitseko, mazenera, mabenchi ndi matebulo, tsono adayamba kuphunzitsa anyamata ukalipentala. Ntchitoyi idakula pamene Dr Robert Laws adatsegula sukulu ya Overtoun ku Livingstonia m'chaka cha 1894, ndiponso pamene sukulu ya Henry Henderson Institute idatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1909. Amisiri otuluka m'masukulu ameneŵa adabalalikira m'midzi ndi m'maboma, naphunzitsa ana ndi adzukulu awo. Bokosi ndilo lidali katundu woyamba amene mphunzitsi, mlaliki, kalaliki kapena mkwati watsopano ankakhometsa, chifukwa nyumba yaudzu idalibe kabati, ndipo makoswe ndi njenjete sizinkasiya chovala.

Njira yachitatu ndiyo imene ife a ku Nkaya timaidziŵa koposa, ndiyo njanji. Sitima ya pamtunda yochokera ku Blantyre idafika ku Salima m'chaka cha 1935 kudzera ku Balaka, ndipo m'chaka cha 1970 Nkaya idasanduka mphambano pamene idatsegulidwa njanji yopita ku Liwonde ndi ku Nayuchi, yolumikizana ndi doko la Nacala ku Mozambique. Kwa zaka zambiri amuna a dziko lino ankapita kukagwira ntchito ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku migodi ya ku Johannesburg, kumene makolo ankati ku Joni. Wobwerako sankabwera chimanjamanja. Ankatsika ndi bokosi, lachitsulo kapena lamatabwa, lokhala ndi loko, nthaŵi zina ndi kagalasi kuchivundikiro, ndipo m'kati mwake munkakhala bulangeti, suti, nsalu za amayi ndi kabokosi ka ndolo ka mkazi wake. Ulendo wa Wenela udaima m'chaka cha 1974, ndege itagwa ku Francistown pa 4 April ndi kupha Amalaŵi 74 amene ankabwerera kwawo. Udayambanso mu 1977, nuthera mu 1988. Chotero bokosi la ku Joni limene lili m'nyumba mwanu ndi umboni wa ulendo umene sudzachitikanso, ndipo ndi chizindikiro chakuti agogo anu sadakhale mtchona, adakumbuka kwawo.

Mitengo yake ili kuti lero?

Chifukwa chachikulu chimene tikunenera kuti bokosi lakale silingapezekenso ndi mtengo wake. Amisiri akale ankasankha mitengo inayi.

Woyamba ndi mlombwa, umene ukatemedwa umatuluka utomoni wofiira ngati magazi. Thabwa lake silipindika kapena kufota kwambiri likauma, ndipo chiswe sichilikonda. Wachiŵiri ndi mbaŵa, mtengo waukulu wa m'mbali mwa mitsinje, wa thabwa lofiirira losavuta kupala. Wachitatu ndi phingo, wakuda m'kati ndi woyera kunja, wolemera kotero kuti mtima wake umamira m'madzi. Phingo sukula msanga. Umafuna zaka 70 kapena kupitirira kuti ufike poti nkudulidwa. Ku Ulaya amaufuna kwambiri popanga zitoliro za clarinet ndi oboe, ngakhalenso zitoliro zathumba zija zimene amaimba a ku Scotland. Kuno kwathu umasemedwa tibokosi tating'ono ta ndolo ndi mphete, chifukwa thunthu lake silitulutsa matabwa aakulu.

Wachinayi ndiwo mkungudza wa ku Mulanje, umene mbiri yake iyenera kutichititsa mantha tonse. Mtengo umenewu kwawo kwenikweni ndi pa phiri la Mulanje pokha pa dziko lonse lapansi. Akatswiri adaupatsa dzina lakuti Widdringtonia whytei pokumbukira Alexander Whyte, munthu wa ku Scotland wodziŵa za zomera, amene adagwira ntchito m'Boma la ku Zomba m'zaka za m'ma 1890. Thabwa lake ndi lachikasu, lopepuka, lonunkhira bwino, ndipo fungo lakelo limapirikitsa njenjete, nchifukwa chake mabokosi a mkungudza adatchuka posungira zovala. M'chaka cha 1984 Pulezidenti Kamuzu Banda adaulengeza kukhala mtengo wa fuko la Malaŵi. Koma ocheka mozemba ndi moto wolusa sizidaulekerere. Kafukufuku wa m'chaka cha 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha pa phiri lonse, ndipo chaka chotsatira nayonso idapezeka itadulidwa. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anzake adabzala mbande zikwi mazanamazana, koma mbande ya lero sidzatulutsa thabwa ife tili moyo. Tsono amene ali ndi bokosi lakale la mkungudza adziŵe kuti akusunga chinthu chimene phiri lenilenilo lilibe.

Mitengo inayo nayonso ikulondola njira yomweyo. Pangano la maiko loteteza nyama ndi zomera, lotchedwa CITES, lidaika phingo pa mndandanda wa mitengo yofunika chilolezo poitumiza kunja kuyambira m'chaka cha 2017, ndipo pa msonkhano wa m'chaka cha 2022 lidawonjezerapo mlombwa ndi mbaŵa. Ifenso sitifuna wotiuza, pakuti maso athu akuwona. Tsanya amene adali wodzaza m'chigwa chino akuchoka m'matumba a makala, ndipo mapiri a ku Machinga akuyera chaka ndi chaka. Mmisiri wa pamsika lero amakhoma ndi paini kapena bulugamu wosakhwima, osati chifukwa cha ulesi, koma chifukwa thabwa la mlombwa lasoŵa ndipo lakwera mtengo.

Tingalizindikire bwanji bokosi lakale?

Safunsa adadya phula, choncho tiyeni tidziŵe chimene tili nacho. Litulutseni bokosilo poyera, mulipukute, ndipo muyang'ane zinthu izi.

Yambani ndi ngodya. Mmisiri wophunzira bwino ankalumikiza matabwa ndi mano oloŵana, monga zala za manja aŵiri zikalukana, kotero kuti bokosi linkagwira ngakhale popanda msomali. Manowo akakhala osalingana kwenikweni, ena aakulu pang'ono, dziŵani kuti adadulidwa pamanja ndi sowo. Kenaka yang'anani kunsi ndi m'kati. Matabwa akale ankachekedwa padzenje ndi anthu aŵiri, wina pamwamba wina pansi, ndipo kumbali yosaoneka mizere ya sowo imatsala yopendekera ndi yosafanana, pamene makina amasiya mizere yolingana bwino. Pitsani dzanja pathabwa, mudzamva timafunde tosiyidwa ndi chitsulo chopalira. Yang'ananinso kukula kwa thabwa: mbali yathunthu ya bokosi ikakhala thabwa limodzi lopanda cholumikiza, ndiye kuti lidachokera ku mtengo waukulu wa mtundu umene lero sitiuwonanso. Pomaliza yang'anani mahinjesi, zogwirira ndi loko. Zakale zambiri ndi zamkuwa kapena zachitsulo chokhuthala, ndipo pa zina pamakhala dzina la dziko kumene zidasulidwa.

Amalonda a zinthu zakale ku Ulaya ndi ku America ali ndi lamulo lawo lakuti chinthu chikakwana zaka 100 chimaloŵa m'gulu la zakale zenizeni, ndipo mtengo wake umakwera. Bokosi lokhomedwa ku mishoni m'chaka cha 1920 lidapyola kale malire ameneŵa. Komanso tichenjere pogula, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Alipo ena amene amadetsa mtengo wamba ndi polishi wa nsapato nkumati ndi phingo. Kabokosi ka phingo weniweni kamalemera m'dzanja, ndipo mukakanda pang'ono kunsi kwake m'kati mumakhalabe mwakuda. Wogulitsa kabokosi katsopano nkumati nka mkungudza, mfunseni kumene thabwalo lachokera, kuti ndalama zathu zisakhale mphotho ya anthu amene adamaliza phiri.

Za m'kati mwake

Mtengo wa bokosi suli m'thabwa mokha. Tsegulani kabokosi ka agogo aakazi, mudzapeza mikanda imene adalandira kwa amayi awo, ndolo imodzi yotsala, mphete ya ukwati yoperepeseka, ndi ndalama zakale za mashiling'i ndi mapeni oboola pakati zimene zidaleka kale kugwira ntchito. Pansi pake pamakhala mapepala: kalata ya ubatizo, setifiketi ya ukwati, khadi la sikelo ya mwana, chiphaso cha msonkho, makalata ochokera ku Joni, ndi chithunzi chimodzi chokha cha agogo aamuna. M'mabanja ambiri a kumudzi bokosi limeneli ndilo ofesi yosungira mbiri ya banja. Pamene Boma lidalemba anthu ziphaso za unzika m'chaka cha 2017, tidawona okalamba ena akuthamangira ku bokosi kukafuna chaka chawo chobadwa, ndipo amene mapepala awo adadyedwa ndi chiswe adangoyerekeza zaka potchula njala ya 1949.

Nkhani yoŵaŵa ndi yakuti bokosi lomweli ndilo limayamba kusoŵa pa maliro. Mwini nyumba akangotsikira kuli chete, achibale ena amafunsa kiyi mtembo usanatuluke, ndipo pofika tsiku lometa mikanda yapita uku, mapepala amwazika uko, bokosi lakwera njinga. Tikumbutsane kuti lamulo la chuma cha masiye la m'chaka cha 2011 limati katundu wa m'nyumba atsale ndi mkazi kapena mwamuna wamasiye, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Lamulo lomwelo limalola munthu wamkulu aliyense kulemba wilu pamaso pa mboni ziŵiri. Koma ngakhale tisanafike ku lamulo, mwambo wathu uli ndi njira yake. Agogo aitane mwini mbumba ndi ana onse iwo akadali ndi mphamvu, anene poyera kuti kabokosi ka mikanda kadzapita kwa uje, bokosi lalikulu kwa uje, ndipo wolandirayo adziŵe kuti ndi msungi chabe wa chinthu cha mbumba yonse. Mawu onenedwa masana pamaso pa onse savuta kuwatsata. Ovuta ndi aja amanong'onezedwa kwa mwana mmodzi usiku.

Njala ikafika pakhomo

Sitikulemba izi ngati anthu osadziŵa njala. Dera lathu lino la Balaka mvula imavuta kaŵirikaŵiri, ndipo namondwe Freddy wa mu 2023 ndi chilala cha mu 2024 zidasiya nkhokwe zambiri zili pululu. M'miyezi ya January ndi February ndi pamene amayenda m'midzi anthu ofunsa ndalama zakale, simbi zamakala ndi mabokosi, chifukwa amadziŵa kuti mayi amene ana ake agona ndi njala sakangana pa mtengo. Kholo limene lagulitsa bokosi kuti ana adye sitingaliweruze. Komabe tikupempha zinthu zinayi. Choyamba, bokosi likhale lomalizira kugulitsidwa, osati loyambirira. Chachiŵiri, musanagulitse kwa mlendo uzani abale, kapena alipo mwana wa m'tauni amene angapereke ndalama yomweyo bokosi nkukhalabe m'banja. Chachitatu, musagulitsire pakhomo tsiku lomwelo. Funsani kaye mmisiri wodalirika kuti thabwa lotere likugulidwa bwanji lero. Chachinayi, mapepala, zithunzi ndi mikanda ya makolo zisapite nalo. Chimanga chogulidwa chidzatha pa milungu iŵiri, koma madzi akatayika saoleka.

Ndipo ngati banja latha ana, kapena palibe wofuna kusunga, kulibwino kulankhula ndi a nyumba yosungira zinthu zakale ya ku Chichiri mu Blantyre, imene idatsegulidwa m'chaka cha 1966, kusiyana ndi kulisiya bokosi liwolere m'khola.

Kasamalidwe kake

Kusamala bokosi sikulira ndalama. Lisakhale pansi penipeni, koma liikidwe pa njerwa kapena pa kabenchi, kutali pang'ono ndi khoma, kuti chinyontho ndi chiswe zisalifike. Lisakhale padzuŵa kapena pafupi ndi moto, pakuti kutentha kumang'amba thabwa. Lipukutidwe ndi nsalu youma, ndipo kamodzi pachaka lipakidwe phula la njuchi pang'ono ndi kulikwecha mpaka liŵale. Musalipake penti kapena oyilo wa galimoto, ndiponso musalipale ndi sandipepa pofuna kuti lioneke latsopano, chifukwa khungu lakalelo ndilo ulemerero wake. Mukawona kaufa kosalala pansi pake, dziŵani kuti layamba kufumbwa. Tulutsani zonse za m'kati, dontheza parafini pang'ono m'timaboowo, ndipo mulisiye pamthunzi podutsa mphepo kufikira fungo litatha. Hinjesi ikathyoka pitani nalo kwa mmisiri wodekha, amene sadzakhoma misomali ikuluikulu pa mano oloŵana aja. Mvula ikatha, m'mwezi wa May, tsegulani bokosi kuti lipite mphepo, ndipo mapepala muwaike m'envulopu youma.

Ntchito ya achinyamata

Tsopano tilankhule nanu, anyamata ndi atsikana. Inu mudabadwira m'nthaŵi ya masutikesi ndi mabeseni apulasitiki, ndipo bokosi la agogo limaoneka lolemera ndi lachikale. Koma sutikesi imene mudagula chaka chatha zipi yake idaduka kale, pamene bokosi lija lawona mibadwo inayi. Tikukupatsani ntchito ya patchuthi. Tengani kope ndi cholembera, mukhale pansi ndi agogo, muwafunse mwaulemu: Kodi bokosili adakhoma ndani? Chaka chanji? Ndi mtengo wanji? Lidafika bwanji pakhomo pano? Mikanda iyi idali ya yani? Mayankho ake muwalembe bwino papepala, muikemo tsiku, ndipo pepalalo mulisunge m'bokosi momwemo. Amene muli ndi foni jambulani bokosi, mapepala ndi agogo omwe, mutumizire abale. Mawu a akulu akoma akagonera, koma amagonera pokhapokha wina atawasunga.

Enanu amene muli ndi manja aluso musanyoze ntchito ya matabwa. Masukulu a ntchito zamanja monga Nasawa ku Zomba ndi Soche ku Limbe alipo, ndipo ku Mua m'boma la Dedza kuli malo a KuNgoni, amene Bambo Claude Boucher adayambitsa m'chaka cha 1976, kumene kwatuluka osema odziŵika kunja komwe. Pafupi pompano, m'mbali mwa msewu wa Liwonde kupita ku Zomba, amisiri a ku Machinga amagulitsa mipando ya mafumu ndi tibokosi tosema kwa alendo. Kabokosi ka ndolo sikalira thabwa lalikulu. Zidutswa zotsala pokhoma chitseko zimakwana. Chofunika ndi kuphunzira kudula mano aja molondola, luso limene likupita ndi amisiri okalamba ngati palibe wowapempha kuti amphunzitse.

Koma mmisiri wopanda mtengo ali ngati mlimi wopanda munda. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 December kufikira pa 15 April. Banja lililonse limene lili ndi bokosi la mlombwa kapena la mbaŵa lili ndi ngongole ku nkhalango, ndipo ngongoleyo ibwezedwe pobzala. Mbaŵa amamera bwino kuchokera ku njere zatsopano ndipo amakonda m'mbali mwa mtsinje ndi m'madimba. Mlombwa ndi phingo zimachedwa, choncho pamene zaphukira zokha m'munda tizisiye, tizilambulire udzu kuti moto usazipse, ndipo tizitchingire mbuzi. Alangizi a zankhalango a m'dera lanu angakuthandizeni kupeza mbande. Wobzalayo sadzaliwona thabwa lake, monganso agogo amene adakhometsa bokosi sadatiwone ife amene tikulitsegula lero.

Makolo, madzulo ano mukatha kudya, kokani bokosi lija kunsi kwa bedi, muitane ana, mulitsegule pamaso pawo, ndipo muwauze za mwini wake. Amene muli ndi bokosi la mbiri yochititsa chidwi tilembereni kudzera kwa Mkonzi, kuti aŵerengi anzathu amveko. Tidzakumananso pa tsamba lomwe lino mwezi wa maŵa.